Dolofina ndi chitenje cha amayi

Ndikukumbukira chaka chimene abambo anameta ndevu. Ndinali mu Sitandade 5, tikukhala ku Ndirande, kumtunda kwa msika, m'nyumba ya zipinda ziwiri yogundizana khoma ndi ya aneba. Abambo ankawotcherera zitsulo pa kampani ina ku Makata. Anali munthu wosayankhulayankhula. Akaweruka ankangokhala pakhonde n'kumayang'ana anthu odutsa, uku akusisita ndevu zawo zimene ine ndinabadwa n'kuzipeza. Ndiye Lachisanu lina anangotulukira chibwano chili see, ngati mnyamata wa sekondale. Mlongo wanga wamng'ono, Piyo, analira atawaona. Amayi sanalire, sanasekenso. Anangowayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kubwerera kukhitchini.

Amayi anali osiyana kwambiri ndi abambo. Ankagulitsa tomato ndi usipa pabenchi pafupi ndi nyumba, ndipo pakamwa pawo sipankapuma. Anali ndi chizolowezi chonunkhiza malaya a abambo asanawaviike m'madzi, kuyambira kukolala mpaka kukhwapa, maso atatsinzina. Akakwiya ankagwira m'chiuno ndi dzanja limodzi, linalo n'kumaloza kumwamba, amvekere, "Ine ndinakulira ku Nsanje, dzuwa linandiwotcha kale. Palibe chingandiwotchenso!" Mawu amenewa mzere wathu wonse unkawadziwa, chifukwa makoma a ku Ndirande sasunga chinsinsi.

Masiku amenewo zosangalatsa zinalipo zambiri, koma osati za ife. Kumsika kunali timanyumba ta vidiyo totchinga ndi masaka, chimkuzamawu chili panja kuti aliyense wodutsa amve zibakera ndi mfuti zili m'katimo. Kumapeto kwa sabata mabandi ankaimba m'malo omwera mowa, magitala n'kumamveka mpaka kuphiri. Lamulungu masana magulu a zisudzo ankachita masewero m'maholo, atalengeza pa zikwangwani zolemba pamanja zokhoma pamitengo. Amayi ankati zonsezo n'za anthu osowa chochita, ndipo mwana wawo akadzapezekako adzamudziwa bwino mayi wake. Akamanena zimenezi abambo ankangogwedeza mutu kuvomereza.

Zitatha za ndevu, panabwera za ovataimu. Loweruka lililonse masana abambo ankasamba, kuvala malaya oyera, n'kunena kuti kuntchito kwachuluka zochita. Munthu wake uti amapita kukawotcherera zitsulo atavala malaya oyera? Ngakhale ine, mwana, ndinaona kuti pali chinachake. Kenako amayi ananunkhiza kolala n'kumva fungo la paudala wa akazi. Sabata inayo anapeza kapepala m'thumba la buluku, kolembedwa ndi dzanja la abambo: "Dolofina, Loweruka, 2 koloko." Koma chimene chinawamaliza ndi kusowa kwa chitenje chawo chabuluu cha zithunzi za nkhanga, chimene abambo omwewo anawagulira atabadwa Piyo. Anagwedeza nyumba yonse, kutembenuza matiresi, kukhuthula sutikesi. Chitenje osapezeka.

Kuseri kwa khoma lathu kunkakhala Mayi a Joji, ophika mandasi, amene nkhani za m'mabanja a anthu zinkawakomera kuposa shuga. Iwowa ndiwo ankathira mafuta pamoto. Ndinawamva tsiku lina akunong'ona, kunong'ona kwake komveka mpaka kumpopi.

"Asisi, mwamuna akayamba kumeta ndevu popanda maliro, ndiye kuti pali wina amene zikumubaya. Chitenjecho musachifunenso m'nyumba muno. Chili m'chiuno mwa munthu."

Loweruka lotsatira amayi anandiitanira kuchipinda n'kutseka chitseko. "Esinati, ndiwe wamkulu tsopano. Abambo ako akatuluka, uwatsate chapatali. Ukaone kumene alowe, ubwere udzandiuze. Usakawonekere."

Kunena zoona, ndinasangalala. Ndinadziona ngati wapolisi. Ndinawatsata kudutsa pamsika, pakati pa fungo la kanyenya ndi la ngalande, ndikubisala kuseri kwa amayi osenza makala. Ku Makata sanalowere n'komwe. Anakhotera njira ina ya kumunsi, kuwoloka kamtsinje konunkha sopo, n'kukalowa pa nyumba ina yampanda wa matabwa, osagogoda. Kusagogodako n'kumene kunandiwawa kwambiri. Munthu sagogoda pakhomo pamene anazolowera.

Ndinayandikira mpandawo. M'katimo munkamveka mawu a anthu angapo. Patapita kanthawi ndinamva mawu a mzimayi, okwera, olongolola, kenako phokoso la kuseka. Ndinasuzumira pa kampata ka matabwa. Sindinaone zambiri, koma zimene ndinaonazo zinandikwanira: msana wa mzimayi wojintcha, duku kumutu, ndipo m'chiuno mwake nkhanga za amayi zikugwedezeka uku ndi uku. Sindinadikire kuti atembenuke. Ndinathamanga ulendo wonse wobwerera, misozi ili chuchuchu, n'kukanena zonse. Ndinawonjezeranso pang'ono, kuti mkaziyo ndi wonyada, amayenda modzithyola.

Amayi sanakuwe monga ndinkayembekezera. Anatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati n'kuyamba kupinda zovala zawo ndi za Piyo. Anati Lolemba m'mawa tikwera basi ya ku Nsanje, tonse atatu, zotsalazo akakambirane ankhoswe. Apo m'pamene ndinazindikira chimene ndachita. Ku Nsanje ndinali nditapitako kamodzi kokha, ndipo chimene ndinkakumbukira ndi udzudzu ndi kutentha. Sukulu yanga, anzanga a fulaye, abambo anga omwe, zonse zinali zoti zitsale. Abambo atabwera madzulo anapeza chakudya chawo patebulo monga mwa masiku onse. Sutikesi inali itakankhidwira pansi pa bedi.

M'mawa mwake, tikuchokera ku misa, Mayi a Joji anatichingamira panjira akupuma mwawefuwefu. Anatikokera pa mtengo wina wa pafupi ndi siteji ya minibasi. Pamenepo panali chikwangwani cha gulu lina la zisudzo, cholengeza sewero la masana omwewo mu holo ina ya ku Ndirande konko. M'munsi mwake munali malembo ofiira akuluakulu: "Bwerani mudzamuone Dolofina!"

"Mwaona, asisi? Ndi wa zisudzo! Akazi a zisudzo aja alibe manyazi ngakhale pang'ono. Achivala pasiteji chitenje chanucho, Ndirande yonse ikuona."

Amayi anawerenga pang'onopang'ono. Kenako anati, "Tipita. Ndikamuvula pamaso pa anthu omwewo, mawa ndizipita kwathu."

Umo ndi mmene ndinalowera koyamba mu holo ya zisudzo, atandigwira dzanja munthu yemwe uja ankati ndikadzapezekako ndidzamudziwa. Munali modzaza, motentha, monunkha thukuta ndi mbuliwuli. Mawindo anali atatchingidwa ndi mabulangete. Kutsogolo bandi ya anyamata anayi inkasangalatsa anthu podikira sewero, gitala ikulira mokanda m'makutu, woimba ng'oma atavula malaya. Anthu ankavina m'mipata ya mabenchi. Ine mapazi ankafuna kugwedezeka okha, koma ndikayang'ana nkhope ya amayi ndinkawaletsa. Iwo maso anali pa mzimayi aliyense wodutsa, kumuyeza m'chiuno. Abambo sankaoneka paliponse, ndipo Mayi a Joji anati n'zachidziwikire, ali kuseri kwa katani akumupaka mnzawoyo paudala. Ndinaonanso anthu angapo a mumzere wathu atakhala mabenchi akutsogolo.

Katani, amene anali mashiti awiri olumikiza, anatseguka. Pasiteji panali mzimayi atatifulatira, atawerama, akusesa. Nkhanga zija zinali pomwepo, pamaso pa aliyense. Anthu anayamba kukuwa, "Dolofina! Dolofina!" Amayi anaimirira, kumanganso chitenje chimene anavala, n'kuyamba kudzipanikiza pakati pa mawondo a anthu kulunjika kutsogolo. Ine ndinali pambuyo pawo nditagwira mpendero wa bulauzi.

Tinali titafika pakati pa holo pamene Dolofina anaponya tsache pansi, n'kutola malaya a mwamuna wake wa m'seweromo. Anawatambasula, anatsinzina, n'kuyamba kununkhiza kuyambira kukolala mpaka kukhwapa. Holo yonse inagwa nako kuseka. Amayi anaima. Ine maso anga anatsikira kumapazi a Dolofina, chifukwa ndi kumene mwana wamfupi amaona bwino. Anali mapazi aakulu, ong'aluka zidendene, ndipo pamwamba pa phazi lamanzere panali chipsera cha chitsulo chamoto. Chipsera chimenecho ndinkachiona tsiku lililonse pakhonde pathu.

Kenako Dolofina anatembenuka, nkhope ili mbuu ndi paudala, chibwano chili see. Anagwira m'chiuno ndi dzanja limodzi, linalo n'kuloza kudenga, n'kukuwa ndi mawu okwera aja: "Ine ndinakulira ku Nsanje, dzuwa linandiwotcha kale. Palibe chingandiwotchenso!"

Malata a holo ija anatsala pang'ono kusasuka. Anthu ankamenya mabenchi, ena akupukuta misozi. Ine ndinayamba kuseka nawo, chifukwa mtima unali utapepuka: kunalibe mkazi wina, ku Nsanje sitipitanso. Koma anthu a mumzere wathu aja anali atacheuka. Anawaona amayi ataima pakati pa holo, n'kuyamba kugwirana mapewa, kulozerana. Kuseka kwawo kunasintha, kunasiya kupita kusiteji n'kubwera kwa ife. Mayi a Joji anatseka pakamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Ndinayang'ana amayi ndipo ndinasiya kuseka. Sanathawe. Anakhala pansonga ya benchi imene inali pafupi, manja pamiyendo, n'kuonera sewero lonse mpaka kumapeto. Anaona mmene amayendera akakwiya, mmene amatsonyera, mmene amaitanira ana. Abambo anga osayankhula aja, zaka zonsezo pakhonde paja, sankangoyang'ana anthu odutsa. Ankamvetsera zonse za m'nyumba mwawo.

Abambo anafika kunyumba dzuwa lisanalowe, paudala wina atatsalira kuseri kwa khutu, chitenje chili mujumbo. Winawake anali atawauza kale. Anaima pakhomo ngati mlendo.

"Mayi a Esinati, ndimafuna kukuuzani. Zisudzozi ndinkachita kale ndili kusukulu ya mishoni. Anyamatawa amasowa munthu woti akhale mzimayi. Ndimaopa kuti mundiseka."

"Ndiye munaona kuti bola anthu aziseka ine?" anatero amayi, motsitsa mawu kuposa mmene ndinawamverapo. "Akanakhala mkazi wina, bambo a Esinati, ndikanadziwa chochita naye. Nanga uyu ndimuvule chiyani? Wandivula kale ndi iyeyo."

Abambo anatambasula dzanja kupereka jumbo ija. Amayi sanailandire. Anati chitenjecho chili ndi mwini wake tsopano.

Lolemba sitinakwere basi. Sutikesi inakhala pansi pa bedi yosamasula pafupifupi mwezi wathunthu, ndipo m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu ndinkagwada kuisuzumira ngati yasuntha. Tsiku lina ndinaipeza yabwerera pamwamba pa kabati. Abambo anasewerako kangapo n'kusiya okha, ndevu zinameranso. Koma kumpopi ana anali atayamba kale kuwatchula amayi kuti Dolofina, ndipo dzinalo linatenga zaka kuti lifufutike. Amayi anasiya kununkhiza malaya. Mawu a dzuwa la ku Nsanje aja sindinawamvenso m'kamwa mwawo. Akayamba kukwiya, dzanja likamapita m'chiuno, ankacheukira abambo n'kulitsitsa. Aneba ankati nyumba yathu yakhala yamtendere. Ine ndinkalisowa phokoso lija, ndipo mpaka lero ndimadziimba mlandu kuti ndikanadikira pampanda paja mpaka mzimayi uja atatembenuka, nkhaniyi ikanathera m'chipinda, osati mu holo.

Lero holo ija ndi tchalitchi, timanyumba ta vidiyo tatsala towerengeka, ndipo ana anga amaonera zisudzo pafoni atagona pampando. Aliyense akhoza kujambula mnzake akukalipa kumsika, pofika madzulo tauni yonse n'kukhala ikuseka. Ndikaona zoterozo sindiseka msanga, ndimayamba ndafunsa kuti munthuyo ndi mayi wa ndani.

Abambo anamwalira zaka zingapo zapitazo. Tsiku loika maliro, azimayi akusonkhanitsa nsalu zoti ziikidwe m'bokosi, amayi analowa kuchipinda n'kutsegula sutikesi yakale ija. Pansi penipeni panali chitenje chabuluu cha nkhanga, chopindidwa bwino, chochapa. Sindinkadziwa kuti anachisunga. Anachinunkhiza kamodzi, maso atatsinzina, n'kundipatsa.

"Kawafunditse abambo ako," anatero. "Ankandimvetsera munthu ameneyu. Palibe wina anandimvetserapo choncho."