Mpira wa ku Kabwe ndinauonera ndekha

Amuna anga asanandikwatire anagwirako ntchito zaka zitatu ku mgodi wa ku Kabwe, kumene azungu nthawi imeneyo ankakutcha Broken Hill. Atabwerera kwathu ku Kavalamanja anayamba malonda a nsomba zouma, koma mtima wawo unatsalira pabwalo la mpira la kumgodiko. Iwo sankati mpira, ankati bola, monga anenera a m'tauni. Tikapumula kudimba m'mbali mwa Zambezi, ankatola masawu n'kuwandanda pamchenga kuti andiphunzitse: awa akutsogolo, awa akumbuyo, uyu goloboyi. Akacheuka kuti atole ena, ine ndinkadya goloboyi. Ankakwiya zenizeni, amvekere munthu wosalemekeza goloboyi sangamvetse kanthu pa dziko lino.

Chaka chachiwiri cha ukwati wathu, m'nthawi ya Chitaganya, kunabwera kalata yochokera kwa alamu anga, akulu awo a amuna anga, amene ankagwira ntchito ya njanji ku Kabwe komweko. Kalatayo inanena za matenda a ana ndi za kudula kwa ufa, ndipo kumapeto kwenikweni inatchula kuti timu ya mgodi idzakumana ndi timu ya njanji Loweruka lomaliza la Okutobala. Amuna anga anawerenga mzere womalizawo katatu. M'mawa mwake analengeza kuti nsomba za chaka chino n'zabwino kwambiri, sizoyenera kuthera ku Lusaka, ziyenera kufika ku Kabwe.

Apongozi anga, amai awo, anali akupeta mapira pamene ankamva zimenezi. Sanatukule mutu.

"Mkazi wako apite nawe," anatero. "Amuna opita okha ku njanji amabwerako ndi nkhani zambiri, ena amabwerako ndi mkazi."

Ndi mmene ndinapezera ulendo wanga woyamba kutuluka m'dera lathu la Feira.

Tinatsika ndi bwato mpaka ku boma, mitolo inayi ya nsomba za pende ndi mcheni itamangidwa m'mphasa za bango. Pa boma tinadikira masiku awiri kuti lole ya mwenye wina wa sitolo idzaze. Dalaivala wake anali Mnsenga wamfupi wovala chipewa cha usilikali, ndipo lamulo lake linali limodzi: wokwera pamwamba pa katundu asagone, chifukwa wogona amagwa, ndipo iye saima chifukwa cha munthu wogwa. Amuna anga analimva lamulolo ngati la m'tchalitchi. Anandikhazika pakati pa mitolo, iwo n'kukhala m'mphepete, dzanja limodzi pachingwe, linalo lolozera m'mwamba, pakuti anali atapeza kale anthu atsopano oti awafotokozere za bola.

Msewu wodutsa kwa Mburuma masiku amenewo unali njira ya ngolo chabe. Lole inkalowa m'mitsinje youma, n'kutitimira mumchenga, amuna onse n'kutsika kukankha. Dzuwa la Okutobala la kuchigwa mukulidziwa. Nsomba zinayamba kununkha, ife tonse tinanunkha nazo, ndipo mai wina wa ku Zumbo amene anakhala pafupi nane anati akafika ku Lusaka amphaka adzamulonjera asanamulonjere abale ake. Titayandikira msewu waukulu tinaima pa geti la kashembe, ntchentche zija zobweretsa kaodzera. Amuna awiri a yunifolomu anazungulira lole ndi tiukonde tating'ono, kusuzumira pansi pa matayala ndi kumbuyo kwa aliyense. Mmodzi anagwira kashembe pa kolala ya amuna anga, n'kuwaonetsa. Iwo sanaleke n'kulankhula komwe. Anali pakati pofotokoza za mnyamata wina wa kumgodi amene ankamenya mpira ndi mutu ngati mbuzi yamphongo.

Pa mapiri lole inathyoka chitsulo cha pansi, ndipo tinatha tsiku lathunthu pamenepo dalaivala akumanga ndi waya ndi mtengo wa mopane. Ine ndinagona pansi pa lole, mumthunzi. Amuna anga sanagone, ankati akuba a pamsewu waukulu amanunkhiza nsomba patali. Tinalowa mu Lusaka Lachisanu masana, maso awo ali psuu ngati a nkhuku yodwala chitopa.

Sitima ndinali ndisanaionepo. Amuna anga anali atandiuza kuti ndisachite mantha ikalira, ndipo itaomba mluzu wake pa sitesheni ndi iwo amene analumpha n'kugwetsa mtolo. M'ngolo yathu munali mabenchi a matabwa, nkhuku, ana, ndi anyamata ambiri a njanji opita ku mpira womwewo. Sitima isanatuluke bwino m'tauni, amuna anga anali atayamba kale mkangano ndi benchi lonse. Ine ndinakhala pawindo kuona mapulazi a azungu ndi ng'ombe zonenepa zopanda mbusa, mpaka kamwala ka malasha kanandilowa m'diso. Pambuyo pake ndinatsamira mtolo n'kugona. Nthawi iliyonse ndikadzidzimuka ndinkamva liwu lawo likadali pamwamba.

"Imwe, gonaniko pang'ono," ndinawauza kamodzi.

"Amai, munthu wopita ku bola sagona. Tulo tili nato kumudzi."

Alamu anatilandira bwino ku komboni ya njanji. Nsomba zinatengedwa ndi amai a pamsika m'mawa womwewo wa Loweruka, motero ntchito imene tinati tadzera inatha dzuwa lisanakwere. Koma alamu anapezeka kuti aikidwa pa ntchito ya masana, sakanatha kupita nafe. Anadandaula, n'kuuza mng'ono wawo kuti aone zonse bwinobwino adzawafotokozere. Tisanapite kubwalo, amuna anga anakumana ndi anzawo akale a kumgodi, ndipo anzawo akale sakumana pouma. Ndinawadikira kunja kwa holo ya mowa. Atatuluka anati anangolawa chabe, kuchitira ulemu.

Bwalo linali lozingidwa ndi malata, ndipo anthu ake ndinali ndisanaonepo ochuluka chotero, ngakhale pa Khirisimasi ku mishoni. Ena anakwera m'mitengo ya kunja. Ife tinapeza malo pa kamtunda ka dothi kumbuyo kwa golo, pamene kamtengo kena kankaponya mthunzi. Osewera analowa, a mgodi malaya ofiira, a njanji oyera. Ena anali ndi nsapato, ena anangomanga nsanza m'mapazi. Wezulo italira amuna anga anaimirira n'kuyamba kukalipira aliyense, kuyambira woimbira mpira mpaka mphepo.

Sizinatenge nthawi. Mnyamata wina anagwa, mpira unaima kuti amuthire madzi, ndipo amuna anga anati akhale pansi pang'ono podikira. Anatsamira phewa langa. Mpira utayambanso ndinamva kulemera kwachilendo, ndipo nditayang'ana ndinapeza pakamwa pali yasa.

Ndinawagwedeza. "Imwe, ayambanso."

"Ndikuona," anatero, maso ali chitsekere.

Ndinawatsina pantchafu. Anangosuntha mutu n'kuupezera malo abwino. Mkulu wina wa pambali pathu, wogulitsa nzimbe, anati ndiwasiye, munthu wotere ngakhale sitima itadutsa pamimba sangadzuke. Ndiye ndinawagoneka pa chitenje, n'kuwaphimba kumaso ndi chipewa chawo, ine n'kutembenukira kubwalo. Tinali titatha pafupifupi sabata yathunthu pa ulendo. Wina mwa ife anayenera kuona.

Poyamba ndinkangoona anthu akuthamangitsana ngati ana olimbirana mango. Koma maphunziro a kudimba aja sanapite pachabe. Ndinazindikira goloboyi, ndinazindikira akumbuyo, ndipo posakhalitsa ndinayamba kuona amene akudziwa ndi amene akungotuluka thukuta. Kenaka mpira unatulukira pafupi ndi ife, ndipo wosewera wina wa malaya oyera, wamtali, wa miyendo ngati ya kakowa, anabwera kudzautola. Mnzake atachedwa kuima pamalo, iye anamutukwana m'Chikunda chenicheni, chitukwano chija amatukwana asodzi a kwathu ukonde ukakodwa pa chitsa. Sindingachibwereze pano. Koma kumva mau amenewo kutali chonchi ndi Zambezi, mtima wanga unapita kwa iye ndi kwa onse ovala ngati iye. Kuyambira pamenepo a malaya oyera anali athu.

Ofiira ndi amene anayamba kugoletsa, ndipo bwalo linagwedezeka, koma amuna anga anangokanda mphuno. Atasinthana mbali, wa miyendo ya kakowa uja anathamanga m'mphepete, n'kupatsira mnzake amene anangougunda ndi bondo n'kulowa. Chigoli chachiwiri anamwetsa yekha, chakumapeto, pagolo la pafupi ndi ife: anazemba anthu awiri, goloboyi anagwera kumanzere, mpira unapita kumanja. Ndinadzipeza nditaimirira ndikuimba nthungululu ngati pa ukwati. Wogulitsa nzimbe uja, amene anali wa njanji, anandipatsa nzimbe yathunthu.

Chimene chinadzutsa amuna anga si phokoso ayi, koma mapazi a anthu otuluka amene ankawalumpha. Anakhala tsonga, n'kuyang'ana bwalo lopanda munthu, n'kuyang'ana ine.

"Apumula?"

"Atha."

Kenaka anafunsa motsitsa, "Wawina ndani?"

"Athu," ndinatero, ndipo sindinaname, chifukwa ndinali nditaiwaliratu kuti athu anga si athu awo.

Anadzuka ngati mnyamata. Anaponya chipewa m'mwamba, n'kutuluka pageti akuvina, n'kukumbatira munthu woyamba wa kumgodi amene anamuzindikira. Munthuyo anawakankha, n'kuwafunsa kuti ayamba liti kusangalalira njanji. Ndinaona nkhope ya amuna anga ikusintha pang'onopang'ono. Sanandikalipire pa anthu. Tinayenda mpaka pafupi ndi komboni, ine ndikudya nzimbe yanga mwaulemu.

"Ndi kashembe uja wa pageti," anatero potsiriza. "Anandiluma. Ameneyu ndi kaodzera."

"Inde," ndinayankha. "Kaodzera wa m'chipanda."

Anafuna kukwiya koma kuseka kunawapitirira. Tinakhala pa njerwa zina m'mbali mwa njira, ndipo anandipempha kuti ndiwauze zonse alamu asanaweruke. Ndinatola timiyala n'kutindanda pansi. Iwo anamvetsera ngati mwana wa sukulu, akumafunsa kuti uyu anachokera mbali iti, nanga akumbuyo anali kuti. Pa chigoli chachiwiri anandiuza kuti ndibwereze.

Alamu atafika, mng'ono wawo anawafotokozera mpira wonse ataimirira, akumazemba mipando. Alamu, pokhala a njanji, anakondwa kwambiri, ndipo anayamika kuti mng'ono wawo ali ndi diso, amaona ngakhale zabwino za adani. Akazi awo a alamu anandiyang'ana, n'kuyang'ana chizindikiro cha makwinya a chitenje chimene chinali chikadali pa tsaya la amuna anga, n'kulowa m'nyumba mofulumira atagwira pakamwa.

Titabwerera ku Kavalamanja nkhaniyo inakula. Asodzi ankasonkhana pa gombe posoka maukonde, amuna anga n'kumaithira mchere: anthu awiri amene wamtali uja anawazemba anasanduka anayi, kenaka asanu ndi mmodzi, ndipo panapezeka kuti iye anali mbale wathu wa kuchikazi. Ine sindinkatsutsa. Koma tsiku lina msodzi wina wokonda kufunsa anafuna kudziwa kuti chigoli choyamba, cha a mgodi, anamwetsa ndani ndipo anachita bwanji. Chimenecho ndinali ndisanawafotokozere bwino, poti sichinandikondweretse. Amuna anga anakhosomola, n'kuyang'ana kutsidya kwa mtsinje.

"Funsani amai awa," anatero. "Iwo anakhala pafupi ndi golo kuposa ine."

Ndinaika dengu pansi n'kufotokoza. Ndinali mkazi woyamba kukamba za mpira pa gombe limenelo, ndipo amuna anga anaima pambali akugwedeza mutu, kuvomereza kuti zinalidi choncho.