Deresi Lachikasu la Pachithunzi

Tinabadwa khumi ndi mmodzi, kapena ndinene kuti ndi mmene ndinkawerengera. Kwathu ndi kwa Kanduku, kumapiri, ndipo m'nyumba mwathu chovala sichinkakhala ndi mwini. Chikamuthina wamkulu chinkatsikira kwa wamng'ono mpaka chitasanduka chopukutira mapazi. Deresi limodzi lokha, lachikasu la kolala yoyera, ndi limene amayi ankalisunga m'sutikesi. Linali la kutchalitchi ndi la tsiku lojambulitsa.

Wojambula ankabwera pa njinga nyengo ya manachesi, bambo akagulitsa zipatso. Ana tinali ambiri moti si onse tinaimako patsogolo pa kamera yake. Pakhoma pathu panali chithunzi chimodzi cha kamtsikana kovala deresi lachikasu lija, katagwira nachesi, maso ali psuu ndi dzuwa. Mlendo akafunsa kuti kameneka ndi ndani, achemwali anga aakulu ankayankha msangamsanga, “Ndine.” Amayi ankangotuluka panja.

Ine sindinavomerezepo. Deresilo nanenso ndinalivala, chipumi ndi changa, ngakhale kaimidwe kopotoza phazi ndi kanga. Ndinkati achemwali andilanda chithunzi monga ankandilandira malo a kukhoma pamphasa. Ndinakula nayo nkhaniyi, ndinakwatiwa nayo, ndipo sindibisa, inkandiwawa.

Achemwali anadzakhala telala ku malire, pakhonde la sitolo pomwe madalaivala a mathiraki amasoketsa mathalauza. Amayi atamwalira, pokonzekera chiliza, iwo anaitanitsa kwa aliyense nsalu yakale ndi chithunzi. Anati akusoka nsalu yaikulu ya zigamba, mwana aliyense chigawo chake, chithunzi chili pakati m'kathumba ka pulasitiki, m'mbali muli zidutswa za zovala za kwathu. Abale onse anawayamikira mpaka ine makutu kuwawa. Ine ndinatumiza kachithunzi ka pachiphaso, kamene ndimaoneka ngati andigwira ndi mbuzi yakuba. China ndinalibe.

Kutatsala masiku awiri kuti tichite mwambo, ndinapita kwawo kukathandiza kupeta mpunga. Anaiyala nsaluyo pabedi kuti ndiione. Kunena zoona inali yokongola, ndipo zimenezo zinangowonjezera moto. Ndinazindikira malaya a bambo a mizeremizere, chitenje cha amayi cha kumunda, yunifolomu imene inadutsa pamisana ya anyamata anayi. Kenako ndinawerenga zigawo. Zinali khumi ndi ziwiri. Achemwali anadzipatsa ziwiri: china cha ukwati wawo, china cha kamtsikana kaja, chili pakatikati, chitazunguliridwa ndi zidutswa zachikasu.

“Achemwali, inu ndiye munabadwa kawiri eti?” ndinafunsa.

“Iwe, usayambe,” anatero. Anatenga chikwama n'kupita kumsika kukagula ulusi.

Dzuwa linali pamutu, ndipo m'nyumba munali ine ndekha. Ndinatenga lezala pamakina awo. Cholinga changa chinali choti ndichotse chithunzicho, ndichiike m'chigawo changa, kachiphaso kaja ndikataye kudzala. Mayi wa ana anayi, wa imvi zoyamba kale, ndinagwada pabedi la eni ake n'kumadula ulusi umodziumodzi ngati mbava.

Chithunzi chitatuluka ndinachitembenuza. Moyo wanga wonse chinali chomatidwa pakatoni kukhoma, kumbuyo kwake ndinali ndisanakuonepo. Panali zolemba za bambo, zopendekera zija. Linali dzina la mtsikana, koma silinali la achemwali, silinalinso langa. Ndinali ndisanalimvepo pakhomo pathu.

Achemwali anandipeza ndili chomwecho, lezala kudzanja lino, chithunzi kudzanja linalo. Ndinayembekezera kuti andikalipira. Iwo anangokhala pampando wa makina n'kuvula mpango.

“Anali pakati pa mchimwene wako wachisanu ndi chimodzi ndi iwe,” anatero. “Anadwala masiku atatu okha. Iwe unali kumsana, sungakumbuke.”

“Nanga bwanji munkati ndinu?”

“Amayi sankatha kulitchula dzinalo. Mlendo akafunsa, ankatha tsiku lonse osadya. Tsiku lina ndinangoyankha kuti ndine, mlendo anaseka, nkhani inathera pomwepo. Madzulo ake amayi anandigwira dzanja. Kuyambira pamenepo inakhala ntchito yanga.”

Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandiuzire zaka zonsezi, ine ndikuwanena kwa abale kuti ndi odzikonda. Anaseka pang'ono. “Mutu ukakula sulewa nkhonya. Komanso iwe pakamwa pako, ukanakafunsa amayi tsiku lomwelo.” Apo sananame.

Munthu wabwino akanalira n'kupepesa. Kupepesa ndinapepesa, koma nsanje sinachoke, inangosamuka. Ndinachitira nsanje dzanja limene amayi anagwira madzulo amenewo. Zaka zonsezo awiriwa anali ndi chinthu chawo, ankachisenza pamodzi pamaso panga, ine ndili kalikiliki kulimbirana chipumi. Ndinachitiranso nsanje, Mulungu andikhululukire, kamtsikana komweko, kamene amayi anakakonda mpaka kulephera kukatchula.

Achemwali anandipatsa singano ndi ulusi umene anagula. “Wasomola ndiwe, usoke ndiwe.”

Ine kusoka sindidziwa. Mizere yanga inatuluka yokhotakhota ngati njira ya mbuzi, ndipo iwo anakana kuikonza. Pa tsiku la chiliza nsaluyo anaipachika pakhonde, anthu n'kumaloza achibale awo. Mayi wina wa kumpingo anaima pakati, nayang'ana kamtsikanako, kenako anayang'ana ine.

“Kameneka ndinu, eti? Chipumichi ndi chanu.”

Mawu amene ndinawadikira kuyambira ndili mwana anabwera tsiku limenelo. Achemwali anali pambali panga, ndipo ndinawaona akutsegula pakamwa mwa chizolowezi. Ndinawagwira dzanja.

“Ayi,” ndinatero, “si ine.” Ndipo ndinatchula dzina lija.