Cholembera cha Kalaliki Wabodza

Fizi inandilanda sukulu ndili Folomu 3, ndipo lero ndimathyola tiyi. Koma tsiku limene ndinapita kwa Che Yusufu, owotcherera zitsulo pa Makwasa, kuti andipangire cholembera chachitsulo chothira inki, ndinanama kuti ndine kalaliki wa ku esiteti. Ndinapereka theka la mtengo.

Atamaliza anachibweretsa okha kusikelo, tikuyezetsa masamba. Ndinawamva akufunsa akapitawo: "Akalaliki a Namaona ali kuti?"

"Kalaliki? Namaona wa denguyu?"

Ine ndinanyonyomala m'tiyi ngati mbava, dengu lakumsana likuonekera pamwamba, azimayi akufa ndi phwete, mpaka njinga ya Che Yusufu inapita.

Cholemberacho sindinachigwirepo, ndipo pa Makwasa ndimalambalala. K12,000 yanga ikadali komweko. Woyenera kukaitenga ndi kalaliki amene kulibe.