Ukwati Umene Unachotsa a Jesinta Ntchito

Mukadutsa pa Chimbiya m'mawa wa mu Juni, kukuzizira kolowa m'mafupa kuja, mukumana ndi mayi wamfupi wovala juzi yachimuna, akutsetsereka kupita ku kampani ya mbewu ya kachewere. Amenewo ndi a Jesinta. Ine ndakhala nawo pa tebulo limodzi losankhira mbewu kuyambira tili atsikana, ndiye za iwo musandiuze, ndikuuzeni ndine.

Pakampani pathu pali lamulo lakuti mwamuna ndi mkazi wake asagwire ntchito onse awiri. Akuti amabisirana zolakwa, ndipo maliro akagwa amajomba onse. Kaya. Koma a Jesinta anakwatiwa ndi a Ignasio, oyendetsa thirakitala, onse ali kale pantchito. Anangochita chinkhoswe kumudzi, kutchalitchi osapita. Tonse tinkadziwa. Ngakhale bwana wathu, a Gerevazio, ankadziwa, koma ankayang'ana kumbali poti chinkhoswe sichifika ku ofesi.

Chinsinsi chimenechi chinkawadya mumtima. Mkatolika amene sanadalitse ukwati salandira Ukaristiya. Lamulungu lililonse ife tikamapita kuguwa, a Jesinta ankangosuntha mawondo kuti tidutse, maso ali pansi. Mwana wawo woyamba, Elena, anakula mpaka kuyamba kulandira, amake ali chikhalire pabenchi pomwepo.

Kenaka a Ignasio anayamba kudwala chifuwa, n'kumangowonda. Tsiku lina anauza akazi awo kuti, "Amake Elena, sindifuna kukafika kwa Mulungu mozemba. Tiyeni tidalitse ukwati."

A Jesinta anadziwa kumene nkhaniyo ikathere, koma anavomera. Ukwati unalengezedwa m'tchalitchi, a Gerevazio atakhala pabenchi yakutsogolo monga mwa masiku onse. Lolemba anawaitana ku ofesi onse awiri.

"Zanenedwa pagulu," anatero a Gerevazio. "Sindingathenso kutseka maso. Mmodzi atsale."

A Ignasio anati achoke ndi iwo, poti mphamvu zinali zitawathera kale. Akazi awo anakana. Kampani imatengera kuchipatala wantchito wake yekha, ndiye bambowo akanachoka, mankhwala akanathera pomwepo. A Jesinta anavula epuloni, n'kuipinda, n'kundipatsa ine. Sanalire. Ndinalira ndine, ndipo sindichita nazo manyazi.

Tsiku la ukwati ndinawaona a Jesinta akupita kuguwa ngati mwana wolandira koyamba. Pobwerera nkhope yawo inali yowala moti ndinaiwala mkwiyo wanga wonse.

A Ignasio sanaone kukolola kwa chaka chimenecho.

Patapita masabata angapo chiikire maliro, a Gerevazio anabwera kwa a Jesinta, chipewa chili m'manja. Ine ndinali pomwepo, tikutong'ola chimanga pakhonde. Si munthu woipa bamboyo, koma pakamwa sipakhala chitseko.

"Malo anu alipo, mayi," anatero. "Lamulo lija silikukukhudzaninso, poti tsopano simuli pabanja."

Mtima wanga unawira, ndinafuna kuwagenda ndi chitsononkho. A Jesinta ankazunguza mphete ya ukwati pachala. M'nyumbamo munali ana, munda wake waung'ono, ndipo kukana kukanakhala kuwagoneka ndi njala. Zonsezo ankazidziwa.

"Ndibwera, bwana, chifukwa ana ayenera kudya," anayankha motsitsa mawu. "Koma musadzanenenso kuti sindili pabanja. Ntchito yomweyi ndinaisiya kuti ndikhale mkazi wa a Ignasio. Simungandibwezere ntchito n'kundilanda amuna."

A Gerevazio anavala chipewa chawo n'kubwerera.

Lero a Jesinta ali pa tebulo lathu lomwe lija, mbali yakumanzere kwanga. Posankha mbewu tonse timavula mphete kuti zisakale kachewere, ndi lamulonso limenelo. Iwo savula, ndipo palibe kapitawo amene analimbapo mtima kuwauza. Juzi yachimuna ija ndi ya a Ignasio.