Matambula Anayi a ku Lizulu

Loweruka lija ndinadzuka kunja kukuyera, pamphasa pali ine ndi mwana wanga Tadala basi. Jekete la bambo ake palibe pamsomali. Nsapato za kutchalitchi palibe. Ndinathamangira kwa alamu anga kuseri, iwo n'kungoti, "Kodi sanakuuzeni? Alawirira ku Lizulu. Anyamata ofulula mowa wa m'mabotolo aja, amene munawagulitsa chimera, akutulutsa mowa watsopano lero. Aitana alimi kuti akalawe."

Akalawe! Ndinangotenga mwana n'kubereka.

Inu amene simutidziwa, ndikuuzeni. Chaka chatha amuna anga, a Ngozo, anasanza magazi pakhomo, beseni kudzaza, kachasu atawadya chiwindi. Tinagona kuchipatala masabata atatu ine ndili woyembekezera. Potitulutsa adokotala anayang'ana ine, osati iwo. "Mayi, bambowa akadzangolawanso, musadzavutike n'kubwera nawo kuno." Yatha miyezi khumi ndi umodzi osamwa. Tsiku lililonse akamachokera kumunda ndimawalandira khasu, anthu n'kumati mkazi waulemu, pomwe ine ndimakhala ndikununkhiza. Mphuno yangayi ndiyo mlonda wa banja lathu.

Sikisi koloko ndinali pa Kandeu, mwana kumbuyo, ndalama ya sopo ndi mchere pamfundo ya chitenje. Wanjinga yamoto anati K4,000 kukafika paboma, tinagwirizana K3,500. Mseu wake mabampu okhaokha, mutu wa Tadala kumangondigunda pamsana.

"Changu chotere, mayi, n'kuchipatala?" anafunsa wanjingayo.

"Ndikuthamanga kuti ndisapiteko. Yendetsani."

Pa Ntcheu ndinakwera minibasi ya ku Dedza, K3,000 kukatsika pa Lizulu. Kondakitala ankakuwa kuti watsala munthu mmodzi. Mmodziyo tinamudikira ola lathunthu. Ndinagula mandasi awiri. Pambali panga panali mayi wachisilamu wopita kukaoda kachewere, ndiye anandilandira mwana kuti ndipume.

"Mwakhala chonyamuka ngati mpando ukutentha," anatero. "Kwagwanji?"

Ndinawauza pang'ono. Sanaseke. Anangoti, "Mchimwene wanga zinamutenga zomwezo," basi n'kuyamba kuseweretsa Tadala.

Pa Biriwiri tinaima, pa Mlangeni tinaimanso kukweza matumba. Ine maso panja, munthu aliyense wogona m'mbali mwa mseu ndimayamba ndaona nsapato zake.

Tinafika pa Lizulu cha m'ma leveni. Msika uli thithithi, kabichi milumilu, tomato, anyezi, uku Malawi uku Mozambique, pakati malole. Wogulitsa mbatata wina anandilozera kanjira ka m'mabulugamu kokwera kuphiri. Ndinayenda theka la ola, mphepo ikuluma, koma thukuta chuchuchu.

Pageti mlonda anandiimitsa. "Tikiti, mayi. K15,000."

"Bambo, chimera cha mowa akumwawo ndinapanga ndine ndi manja awa. Amuna anga ali momwemo."

Anayang'ana mapazi anga, anayang'ana mwana, n'kutsegula.

M'katimo galimoto za ku Lilongwe ndandanda, tenti yoyera, gitala akulira chapansipansi. Kuseri kwa galasi kunali mathanki onyezimira otalika kuposa munthu. Anthu ake oyera m'makolala, azimayi a mathalauza, azungu angapo. Mowa ankaumwera m'timatambula ngati ta mankhwala a chifuwa, tinayi pakathabwa kamodzi. Munthu amayamba waunyamula kuloza kudzuwa, kenaka kuununkhiza, kupsontha pang'ono, n'kulemba papepala ngati ali pamayeso. Panalibe wogwa, panalibe wotukwana. Chimenecho ndicho chinandiopsa kwambiri. Kachasu amadziwika kuti ndi chilombo. Uwu unali utasamba, utavala.

Amuna anga ndinawaona pabenchi la alimi, manja pakati pa mawondo, botolo la madzi pansi. Maso awo anali pathabwa la munthu wapafupi, kholingo likukwera n'kutsika. Ndisanawafikire, mwini malowo, mnyamata wandevu, anatenga chimkuzamawu.

"Makolo athu ankati mowa usanagawidwe, mwini wake ayambe wamwa, kuchotsa ufiti, kuti alendo adziwe kuti mulibe mankhwala. Ifenso sititaya mwambo. Mawere a mowa uno analima ndi a Ngozo a ku Kandeu. A Ngozo, tabwerani muchotse ufiti!"

Anthu m'manja phuphuphu. Amuna anga anaimirira. Akanatani? Kwathu mwamuna woitanidwa pagulu kuti ayambe chipanda sakana. Akakana ndiye kuti wanena yekha kuti mowawo ndi wothira. Mnyamatayo sankafuna zoipa, ankafuna kuwalemekeza. Ndinaona dzanja lawo likupita kuthabwa la timatambula limene mnyamatayo anawayandikizira.

Sindikudziwa mmene ndinadutsira pakati pa anthuwo. Ndinangopezeka ndagwada kutsogolo, Tadala akulira kumbuyo.

"Pepani achimwene, mwambowo mwaudziwa theka. Mwamuna sachotsa ufiti. Amachotsa ndi mkazi amene anaviika mawere, kuwafundika, kuwayanika. Iwowa anangolima. Chimera ndi changa."

Kenaka agogo ena pabenchi la alimi anati, "Wanena zoona mwanayu!" Mayi wina analulutira. Mnyamata wandevu anaseka mokondwa, n'kunditembenuzira thabwa lija. Mafoni onse m'mwamba, kundijambula.

Ine chibadwire sindinalawepo mowa. Ndimaimba kwaya. Ndikuyamwitsa.

Woyamba unali wa mawere athu, wofiirira, wowawa ngati mankhwala a malungo. Wachiwiri wa malambe, wowawasa mpaka m'makutu. Wachitatu wakuda bii, fungo la chimanga chopserera. Wachinayi anati muli uchi, koma njuchi zake kaya zinali zokwiya. Ndinamaliza onse, osasiya dontho, chifukwa chotsala mkazi amapatsira mwamuna wake.

"Ndiye mayi, wakoma kwambiri ndi uti?" anafunsa mnyamatayo.

"Wachinayiwu, poti palibenso wina."

Anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Ine ndinagwira mkono wa jekete. "A Ngozo, tiyeni. Mwana sali bwino." Ananditsata. Anatipatsa mabotolo awiri m'kathumba kapepala, ine ndinasiyira mlonda uja pageti.

Thuu koloko tinakwera minibasi pa Lizulu. Mutu unkazungulira, mapiri a ku Mozambique akuyenda okha. Tadala ankafuna bere, ine mantha kumupatsa, ndiye ndinamukanyira nthochi ndi chala, iye kumalavula, kumalira. Amayi ena kumbuyo ananong'ona mokweza, "Masana ano, mwana ali pamsana. Kaya tikupita kuti." Sindinacheuke. Titafika pa Mlangeni, bambo ake ananditembenukira.

"Mwandichititsa manyazi pa anthu," anatero.

"Eya. Manyazi saika munthu m'manda."

Apo ndi pamene ndinakumbukira kuti iwo anafika kuja m'mawa, maola atatu ine ndisanafike. Ndinasendera pafupi ngati ndikukonza mwana, n'kukoka mpweya monga ndimachitira polandira khasu. Fungo la mowa. Ndinatembenukira kuwindo, fungo lomwelo. Pachitenje, lomwelo. Pamutu pa Tadala, lomwelo. Linali m'kamwa mwanga, m'mphuno mwanga, paliponse.

"Bambo a Tadala, ndiuzeni zoona. Ndisanafike, munalawako?"

Anayang'ana panja.

"Amene mukununkha ndinu, amake Tadala."

Sanati eya, sanati ayi.

Paboma tinakwera njinga imodzi tonse atatu, ndalama itatha, ndipo tinafika kunyumba dzuwa likulowa. Ndikudziwa kuti zithunzi zija zifika kwa akulu a mpingo, ndipo adzandiitana. Zimenezo ndipirira. Chimene ndaphunzira paulendowu n'chakuti mlonda wa banja akamwa, ngakhale amwere chifukwa chabwino, pakhomo pamakhala pululu. Ndinayenda mtunda wonsewo kuti ndikadziwe chinthu chimodzi, ndipo ndinachimeza ndekha pamodzi ndi thovu.

Lero ndi Lachiwiri. Mphuno yabwerera, iwo sakununkha kanthu, adya bwino, apita kudimba. Koma beseni lija ndalichotsa kubafa, ndaliika pafupi ndi mphasa, mbali imene amagona iwo.