Tsiku Limene Tepi Inaperewera

Mwala womangidwa kumapeto kwa tepi yoyezera unatsika kuchokera kunsonga kwa mtengo, n'kugunda pansi, thi! Wokwera mitengo anakuwa ali m'mwamba kuti pafupifupi theka la tepi latsala m'manja mwake. Anthu onse amene anavutika kukoka boti m'mathithi a mtsinje wa Jari anatembenuka n'kuyang'ana mtsikana mmodzi.

Mtsikanayo anali Edileuza. Ndi iye amene anawauza kuti pamalopo pali mtengo wa angelim wotalika mamita 80. Mtengo anaupezadi, koma unali wamba, woti ngakhale anyani sangaukumbukire.

Inu amene munachitapo manyazi pamaso pa anthu mpaka kulakalaka nthaka itakumezani, nkhaniyi ndi yanu. Ine ndimagulitsa mafuta a maboti padoko la kwathu kuno, ndipo Edileuza ndinamuona akukula.

Makolo ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo analeredwa ndi azakhali ake, a Tia Zuleide, amene amagulitsa tacacá, msuzi wotentha wa chinangwa, pafupi ndi malo anga. Mayeso opitira ku yunivesite anawalephera kawiri. Anthu anati basi, ameneyu adzakalamba akuthira msuzi m'zikho ndi kuwaza tinkhanu pamwamba. Koma iye anapeza kosi ya kompyuta yaulere, n'kuimamatira ngati nkhupakupa, mpaka gulu lina lofufuza za nkhalango mumzinda wa Macapá linamutenga moyeserera.

Ntchito yake inali yotere. Kandege kamauluka pamwamba pa nkhalango kakuwaza pansi kuwala kotchedwa leza. Kuwalako kukagunda tsamba lakunsonga kumabwerera msanga, kukalowa m'mipata mpaka padothi kumabwerera mochedwerapo. Kompyuta imasandutsa zonsezi timadontho tosawerengeka. Ukayeza kuchokera pa kadontho kapamwamba kufika pa dothi limene lili pansi pake, wadziwa kutalika kwa mtengo usanauone ndi maso.

Edileuza ataona kadontho kena katalikatali, mtima unamuthamanga. Anakayang'ana kuchokera pamwamba pokha, ngati mmene timaonera mapu, n'kuthamangira kwa mkulu wa gululo, Dotolo Iracema. Kuthamanga si kufika. Mtengo uja unamera m'mphepete mwa phompho, nthambi zake zitatambalalira pamwamba pa chigwembe, ndipo kompyuta inawerengera chigwembecho ngati gawo la mtengo.

Woyendetsa boti, a Seu Valdemiro, anasuzumira m'chigwembemo, n'kuvula chipewa ngati ali pamaliro.

"Abale, mtsikanayu sananame ayi," iwo anatero. "Watipezera dzenje lalitali kuposa maenje onse. Dona Phompho, tiliyezenso limeneli?"

Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Edileuza sanagwetse msozi pamaso pawo, koma ulendo wonse wobwerera sanalawe ngakhale ufa wokazinga wa chinangwa umene ankadya panjira. Atafika ku Macapá anamuuza mwaulemu kuti nthawi yake yoyeserera yatha.

Dzina lija la Dona Phompho linafika padoko iye asanafike. Ndikukuuzani, kwathu kuno miseche imayenda popanda mafuta.

"Dona Phompho, tipatseni chikho chimodzi, koma chakuya ngati chanu chija!" ankatero onyamula katundu.

"Udye, ulipire, uzipita," a Tia Zuleide ankawayankha. "Iwe unayezapo chiyani kupatula botolo?"

Zinkandiwawa kumuona mwanayo atavalanso epuloni, maso ali pansi. Milungu ingapo sankayankhula za mitengo ngakhale pang'ono. Tsiku lina azakhali ake anamupeza akuika m'thumba mabuku ake a kosi ija kuti akapatse ena.

"Ukupita nawo kuti?"

"Azakhali, zinthu izi si zanga. Ine ndi wa pamphika basi."

"Wa pamphika? Mphika woyamba umene unandiphikira unali wowawa, tinathira m'ngalande. Bwanji sunanene kuti si wa pamphika? Tabweza mabukuwo, usanditopetse."

Anabweza. Tacacá amagulitsidwa dzuwa likapendeka, choncho m'mawa monse unali wake. Timadontho tija gululo linatiika poyera pa intaneti kuti aliyense wofuna azitiona, ndipo ku ofesi ya otola mtedza wa m'nkhalango kunali kompyuta yakale yochedwa ngati kamba. Anapempha kuti aziigwiritsa ntchito, iye aziwasesera ofesi.

Anayamba ndi mtengo womwe uja unamuchititsa manyazi. Anatembenuza timadonthoto kuti atione chammbali, monga mmene munthu amaonera mtengo ataima patali. Phompho lija linaonekera poyera, litayasama. Linalipo kuyambira tsiku loyamba, kungoti iye sanatembenuze.

Kuchokera pamenepo anadziikira lamulo: kadontho kalikonse katali, ayambe wakatembenuza mbali zonse, aone dothi, kenako aone nsonga. Yambiri mwa mitengo imene inkaoneka italiitali inali bodza. Pena inali mbalame imene kuwala kunaigunda ikuuluka. Pena unali mtengo wa pamtsetse. Ankataya, n'kupita pa kena. Mvula inagwa, magetsi ankazima ntchito isanasungidwe, iye ankayambiranso. Madzulo ankafika pamphika maso ali psuu, n'kumwetulira makasitomala omwe ankamunyoza.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mvula ikupita kumapeto, anapeza kadontho kamene kanakana kutayidwa. Anakatembenuza uku ndi uku: pansi panali see, dothi lathyathyathya, ndipo pamwamba panali nthambi zotambalala bwinobwino, zitasiya mitengo ina yonse m'munsi.

Nthawi ino sanathamange. Anapita kaye kwa munthu amene anamupatsa dzina lija, n'kumupeza akumata boti.

"A Seu Valdemiro, kumtunda kwa mathithi achitatu, dzanja lamanzere, kuli maphompho?"

"Iii, mwayambanso, Dona? Mukufuna lachiwiri, awiriwa azichezerana?"

"Sekani, koma mundiyankhe."

Mkuluyo anamuyang'ana, n'kuika phula pansi. Anati mbali imeneyo sanalowepo kutali, koma timitsinje take timayenda mwaulesi, ndiye kuyenera kukhala kwachidikha. Anawonjezera kuti ngati akufuna kukafikako afulumire, chifukwa madzi akaphwera miyala imatuluka ndipo boti silidutsanso mpaka chaka chamawa.

Edileuza anaimba foni ku Macapá, osayankhidwa. Anaimbanso, anamuuza kuti Dotolo ali pamsonkhano. Anakwera basi, n'kukakhala pabenchi panja pa ofesi yawo mpaka Dotoloyo anatuluka.

"Edileuza, ulendo uja unatidyera zambiri," anatero Dotolo Iracema. "Tikalakwitsanso, dzina langa likagwera m'dzenje limodzi ndi lako. Ndikukhulupirire chifukwa chiyani?"

"Musandikhulupirire, Dotolo. Tembenuzani nokha muone chammbali."

Mayiwo anakhala pakompyuta nthawi yaitali, akutembenuza, akuyandikitsa. Kenako anati gulu lawo linali kale ndi ulendo wa kumtunda pa ntchito ina, ndipo akhoza kupatukako. Anamuuza mosabisa kuti akaphonyanso asadzabwerenso.

Za ulendowo ndinamva kwa a Seu Valdemiro. Munthuyo amathira mchere pa nkhani iliyonse, koma pa iyi onse amene anapita anavomera. Madzi anali atayamba kale kuphwera. Pa mathithi achitatu anatsika onse n'kukoka boti ndi zingwe, madzi ali m'chifuwa, ndipo Edileuza anadzicheka phazi pamwala. Analimanga ndi nsalu, n'kulowa m'nkhalango akutsimphina, zikwanje zikutsegula njira patsogolo.

Atafika, tsinde la mtengowo linali ngati khoma la nyumba. Ena anayang'ana kumwamba, koma nsonga sinkaoneka chifukwa cha masamba a mitengo ina. Edileuza yekha sanayang'ane kumwamba. Anazungulira mtengowo, n'kuyenda chakum'mawa, n'kubwerera, n'kuyenda chakumadzulo, maso ali pansi.

"Mwataya ndolo, Dona?" anafunsa a Seu Valdemiro.

"Ndikufuna phompho."

"Mwalipeza?"

"Kulibe."

Wokwera mitengo, yemwe uja wa ulendo woyamba, anamanga zingwe zake n'kuyamba kukwera, tepi yomwe ija ya mamita 80 ili m'chiuno. Anazimiririka m'masamba. Onse pansi anadikira. Edileuza anangoima, maso ali kumwamba.

Mwala unayamba kutsika. Unadutsa masamba, n'kubwera pang'onopang'ono ukuzungulira. Kenako unaima m'malere, pamwamba pa mitu yawo, poti ngakhale wamtali sangafikire.

"Tsitsa, iwe! Tepi yakodwa?" anakuwa Dotolo Iracema.

Mawu anachokera m'mwamba, aang'ono ngati a mwana: "Sinakodwe! Tepi yatha!"

A Seu Valdemiro sanaseke. Anadula mtengo wowongoka wautali, n'kuusadza bwinobwino, n'kupita nawo kwa mtsikanayo.

"Dona Edileuza," iwo anatero, "gwirani. Kotsalako muyeze nokha."

Aka kanali koyamba kumutchula dzina lake lenileni chichokereni kuphompho kuja. Edileuza anaimika ndodoyo, nsonga yake n'kugunda mwala uja, go! Apo ndi pamene misozi imene anaisunga chaka chonse inatsika, ndipo sanaibise.

Lero Edileuza ndi amene amaphunzitsa obwera kumene m'gulu lija. Amati tsiku loyamba sawaonetsa mtengo wautali uja. Amawaonetsa wa paphompho, n'kuwasiya asangalale nawo kaye, kenako amawauza kuti autembenuze. Akabwera kuno patchuthi amavalabe epuloni kuthandiza azakhali ake, ndipo onyamula katundu aja amalandira zikho zawo ndi manja awiri.

Tsono inu amene mwabisala m'nyumba chifukwa anthu anakupatsani dzina, tulukani. Bwererani pamene munagwera paja, ngakhale pakuwawa, mukapayang'ane chammbali mpaka muone chimene chinakugwetsani. Mukachiona, yambiraninso. Osataya mtima, m'bale wanga. Tepi imene anakuyezerani tsiku la manyazi anu, tsiku lina idzaperewera.