A Hamza Jafali ndi Dengu la Masitiroberi

A Hamza Jafali amasunga mafayilo mu ofesi ina ya boma mumzinda wa Zomba. Ndi bambo wamfupi, wa ndevu zimene zayamba imvi, ndipo nsapato zawo zimawala m'mawa koma pofika masana zimakhala zofiira ndi dothi. Mlendo angaganize kuti amalima dimba pa nthawi ya nkhomaliro. Anzawo a mu ofesi amangoyang'ana nsapatozo n'kufunsa kuti, "Lero munali m'nyumba ya yani, a Jafali?"

Chimene bamboyu amakonda kuposa mpira ndi bawo ndicho kulowa m'nyumba zakale zimene eni ake anazisiya. Zomba ali nazo zambiri nyumba zotere. M'munsi mwa phiri muli nyumba za njerwa zimene zinatsala likulu litasamukira ku Lilongwe: zina denga linagwa, zina mtengo unamera pabalaza, zina zikadali chilili ngati kuti mwini wake wangopita kumsika. Ena akamathamangira kukadya, a Hamza amatenga mbatata yawo m'kapepala n'kukwera kabaza kupita kumene anaona chumuni chikusuzumira pamwamba pa tchire.

Chidwichi chinayamba kale. A Hamza anabadwira ku Chinamwali, ndipo bambo awo ankasamalira maluwa pa nyumba ina yaikulu m'mbali mwa msewu wokwera kuphiri. Ali mwana ankawapititsira chakudya kumeneko, koma malire awo anali khomo la kukhitchini. Ataima pakhomopo ankaona kanjira kolowera mkati, ankamvanso wotchi ikulira m'chipinda chimene sanachionepo. Anakula ndi funso lakuti kodi kuseri kwa makomawo kunali chiyani, ndipo atakula anapeza kuti makoma ambiri otere alibenso wowalondera.

Ali ndi malamulo awoawo, ndipo amawasunga mosamala. Sathyola loko. Satola kanthu, ngakhale msomali wadzimbiri. Akafika pakhomo amaodira, ngakhale khomolo lilibe chitseko, ndipo amadikira pang'ono ngati kuti wina ayankha. Nthawi zambiri amene amayankha ndi mileme.

Ku ofesi nakonso kuli malamulo ake, ndipo kuyambira pamene mayi Rosebell Nyirenda anabwera kudzakhala mkulu woyang'anira antchito, malamulowo analeka kukhala chokongoletsa khoma. Chitupa cha ntchito, chimene aliyense amachikoleka m'khosi, si chopitira nacho ku zochita za iwe mwini. Mphatso yochokera kwa munthu wopempha chithandizo siilandiridwa. Kalaliki wina amene anaphwanya lamulo lachiwirili anasamutsidwa kupita ku Chigwa cha Shire, ndipo a Hamza ankaopa chilango chimenechi kuposa china chilichonse. Kutentha kwa kuchigwa sikunkawadetsa nkhawa. Nkhawa yawo inali yakuti nyumba zakale za mu Zomba anali asanamalize kuziona.

Lachitatu lina, chifunga chitatsika m'phiri, a Hamza anakwera njinga yamoto kupita cha ku Mulunguzi. Kumeneko kunali nyumba imene akuti munkakhala mzungu wina wa matabwa, ndipo anali ataisirira kwa nthawi yaitali. Chifukwa chofulumira sanavule tayi wawo wobiriwira, ndipo chitupa chinali chikulendewera pachifuwa.

"Odi kuno!" anatero atafika.

Ulendo uno munthu anayankha. Pakhonde panali amayi angapo amene amagulitsa masitiroberi m'mbali mwa msewu wa kuphiri. Khondelo ndi pamene amabisala mvula ndi kusankhira zipatso zawo m'timbale. Wamkulu wa iwo, mayi Maliya, anaimirira, nakonza chitenje, nayang'ana tayi, kenaka chitupa.

"Lowani, bwana," anatero motsitsa mawu.

A Hamza anakondwera ndi ulemuwo. Analowa, nagogoda makoma ndi chala kuti amve ngati njerwa zake zikadali zolimba. Anayeza kutalika kwa pabalaza ndi mapazi. Anajambula denga ndi foni, ndipo potuluka anafunsa amayiwo kuti akhala akugwiritsa ntchito khondelo kuyambira liti. Anawathokoza, natsika phiri akuimba mluzu.

Chimene sanadziwe n'chakuti amayiwo anali ataonapo kale munthu wa tayi ndi chitupa akuyeza malo ndi mapazi. Nthawi imeneyo ankagulitsira m'kachisakasa pafupi ndi msewu, ndipo mwezi usanathe kachisakasako kanagwetsedwa. Mmodzi wa iwo anali atawerenga dzina la ofesi pa chitupa cha a Hamza. Anakambirana, nagwirizana kuti kwa bwana sapita chimanjamanja.

M'mawa mwake, a Hamza atatumidwa kukasiya mafayilo ku ofesi ina, amayi atatu anafika ndi dengu lovundikira ndi masamba a nthochi. Anawalandira ndi a Aggie, mlembi wa pa ofesipo, mtsikana wa pakamwa posatopa.

"Izi ndi za abwana aafupi aja, a tayi wobiriwira," anatero mayi Maliya. "Ife tidikira panja."

A Aggie anavundukula dengu, naganiza kuti a Hamza agulira ofesi yonse zipatso, mwina pofuna kupepesa chifukwa cha matope amene amalowetsa tsiku ndi tsiku. Anazitsuka, naziika pa thileyi pa nthawi ya tiyi. Anadya a maakaunti, anadya dalaivala, anadya mesenjala. Mayi Nyirenda anatenga kambale kawokawo n'kukadyera mu ofesi yawo.

A Hamza pobwera anapeza amayi aja atakhala pa benchi. Atangowaona, onse atatu anatsika pa benchipo n'kugwada.

"Bwana, tabwera kudzapempha. Pakhonde paja musatichotse. Tikachoka paja, mvula itithera katundu. Dengu la mphatso yanu tasiya kwa alembi."

"Ndikuchotseni ine?" anafunsa a Hamza, akuyang'ana kumbuyo kuti mwina pali bwana wina. Kumbuyoko kunali mayi Nyirenda, ataima pakhomo, atamva zonse.

Mu ofesi ya mkuluyo a Hamza anakhala pa nsonga ya mpando. Anafotokoza za nyumba ija, za makoma, za foni, ndipo mayi Nyirenda anamvetsera osaphethira.

"A Jafali, munalowa m'nyumba ya eni mutavala dzina la ofesi ino. Anthu achita mantha mpaka kukubweretserani mphatso. Malamulo awiri pa ulendo umodzi. Mukudziwa kumene anapita mnzanu uja?"

"Ndikudziwa, madamu." Mawu awo anatuluka aang'ono. M'maganizo mwawo munadutsa nyumba ya masitepe amiyala ya kuseri kwa Chirunga, imene ankaisungira nyengo yadzuwa. "Za chitupa ndavomera, ndinalakwa. Koma mphatsoyo sindinailandire. Sindinaione n'komwe."

"Lamulo likuti ibwezedwe kwa mwini wake. Aggie! Bweretsa dengu lija."

A Aggie analowa nalo dengu atalinyamula ndi chala chimodzi. Munali masamba a nthochi okhaokha.

"Zipatso zili kuti?"

"Ndi zomwe zija za pa tiyi, madamu. Munanena kuti zaposa zamumsika." A Aggie anayang'ana kambale kamene kanali pa tebulo pafupi ndi chidindo. "Munaitanitsanso zina."

Mayi Nyirenda anayang'ana zala zawo. Nsonga zake zinali zofiira. Anazipinda pang'onopang'ono, naziika pansi pa tebulo.

"Ndani winanso anadya?"

"Funsani amene sanadye, madamu, ndi mmodzi yekha. Ndi awa mukufuna kuwatumiza kuchigwawa."

Kenaka mkuluyo anaitanitsa mayi Maliya, nawapatsa mpando, nawafotokozera kuti ofesiyo ilibe mphamvu pa nyumba iliyonse mu Zomba, ndipo kuti a Jafali ndi munthu wongokonda kuona nyumba zakale.

"Kungoona basi?" anafunsa mayi Maliya. "Osagula, osagwetsa?"

"Kungoona, mayi," anayankha a Hamza.

"Ndiye munkayezeranji?"

"Ndinkafuna kudziwa ngati pabalaza paja pangakwane nyumba yanga ya ku Chinamwali."

"Inakwana?"

"Inakwana, n'kutsalanso malo a khola la nkhuku."

Mayi Maliya anaseka mpaka kugwira tebulo la bwana. Mayi Nyirenda anatenga dengu kuti alibweze, koma a Aggie anawagwira mkono n'kuwanong'oneza kuti dengu limene labwera ndi chakudya silibwerera lopanda kanthu, pokhapokha ngati akufuna kuti phiri lonse lidziwe kuti pa ofesi imeneyi anthu sanaleredwe. Mkuluyo anaganiza, naona kuti mwambowu ukhoza kupulumutsanso lamulo: dengu likabwerera lodzaza, palibe amene wasunga mphatso. Aliyense amene anadya anauzidwa kuti aikemo kanthu. Munalowa shuga, masamba a tiyi, sopo ndi mchere zogula m'sitolo ya a Mansoor, pafupi ndi ofesiyo. Dalaivala, amene anadya kwambiri, anaikamo mafuta ophikira.

Koma nkhani ya chitupa inali isanathe. "Dengu ili tikalipereka Loweruka, ine ndi inu," anatero mayi Nyirenda. "Ndikufuna ndikaone ndi maso anga chimene chimatengera wantchito wa boma m'mabwinja. Za kusamuka kwanu ndikanena tikatsika."

A Hamza sanadye bwino masiku amenewo. Loweruka anafika atavala malaya wamba, m'khosi mulibe kanthu. Anakwera phiri pa galimoto ya mkuluyo, dengu lili pamiyendo pawo. Amayi aja anawalandira ndi nthungululu, ndipo mayi Maliya anawatcha "achimwene", ubwana utatha.

Atapereka dengu, a Hamza anaima pa khomo lopanda chitseko lija n'kuodira.

"Mukuodira ndani? Eni ake si awa ali pakhondewa?" anafunsa mayi Nyirenda.

"Awa ndi a pakhonde, madamu. A m'kati sindiwadziwa."

Analowa. A Hamza anawaonetsa malo osonkhapo moto, timizere ta pa mphuthu ya chitseko pamene kholo lina linkalemba msinkhu wa mwana wake chaka ndi chaka, ndi mpopi wouma umene kale unkakoka madzi ku mtsinje. Chipinda chomaliza chinali ndi zenera lalikulu lopanda galasi, ndipo chifunga chinali chitachoka. Mzinda wonse unali pansi pawo: madenga a Chinamwali, mitengo ya ku Chirunga, ndi nyanja ya Chilwa ikunyezimira kutali. Mayi Nyirenda, amene Zomba ankangomudziwa kuyambira kunyumba kufika ku ofesi, anaima pamenepo nthawi yaitali.

"Nyumba imene bambo anu ankagwirako ntchito ija munalowamo?" anafunsa, chifukwa a Hamza anali atawafotokozera ali m'njira.

"Ayi, madamu. Mukukhalabe anthu. Ndikudikira."

"Mudikira mpaka liti?"

"Zitengera kumene muti munditumize."

Mkuluyo anapukuta fumbi pa siketi yawo. "Lolemba mupeza msomali kuseri kwa chitseko changa. Ikakwana nthawi ya nkhomaliro, chitupa ndi tayi muzikoleka pamenepo. Mukabwerako muzidzatenga, ndipo nsapatozo muzipukutira panja. Tsiku limene ndidzapeze msomali uli wokha inu kulibe, mudzakonzeke za ulendo wa kuchigwa."

Msomaliwo ulipo mpaka lero, ndipo a Hamza sanaujombepo. Masana aliwonse a ntchito tayi wobiriwira amalendewera kuseri kwa chitseko cha mayi Nyirenda, mwini wake ali kwinakwake m'tchire la m'munsi mwa phiri. Nyumba ya masitepe amiyala ya kuseri kwa Chirunga anakaiona nyengo yadzuwa itafika. Atabwerako, mkuluyo anawapatsa tayi wawo osadzutsa mutu pa mapepala, nafunsa ngati nayonso ili ndi zenera loonera kutali.